Momwe mungaphunzitsire atsikana kuyimbira rugby, osawataya panjira

Funso ili ndaliyankha mpaka pakamwa kuuma. Lero ndi kochi, mawa ndi mphunzitsi wa zamasewero, mkucha ndi mkulu wa kalabu: "Tili ndi atsikana ofuna kuyimbira rugby, tiyambire pati?" Ambiri amawonjezera kuti akufuna atsikanawo aphunzirenso utsogoleri, ndiye amafunsa ngati akonze maphunziro awiri, ena a wenzulo ena a utsogoleri. Ndalemba pano kamodzi, kuti wofunsanso ndizingomutumizira.

Funso lachiwirilo ndiyankhiretu: musakonze maphunziro awiri. Utsogoleri wa woyimbira subwera ndi choko ndi bolodi. Umabwera tsiku limene mtsikana waimitsa anthu 30 ndi mpweya wa m'kamwa mwake, wapereka chigamulo, wina wamuthira diso lofiira, iye osagwedezeka. Ntchito yanu ndi yom'fikitsa pa tsiku limenelo ali wokonzeka, ndi kuonetsetsa kuti sabata yotsatira wabweranso. Ambiri amakhoza mayeso a malamulo. Amene amathawa, amathawa pa sitepe 7, ndipo n'chifukwa chake pamenepo ndachedwapo.

1. Sankhani atsikana, osati otsala

Cholakwa choyamba chimachitika wenzulo isanagulidwe n'komwe. Kochi amayang'ana amene sanakwane mu timu, n'kuwauza kuti, "Inu mukhale oyimbira." Mtsikana ameneyo wamva uthenga wake bwinobwino: wenzulo ndi mpando wa olephera. Osewera anzake nawonso amva, ndipo pabwalo sadzamumvera.

Itanani poyera, ndipo itananinso osewera abwino. Kuyimbira sikuletsa kusewera. Akhoza kusewera Loweruka, n'kuyimbira ana tsiku lina. Joy Neville wa ku Ireland anasewerera dziko lake, anali mu timu imene inapambana Six Nations ya amayi, mpikisano wa mayiko asanu ndi limodzi a ku Ulaya, mu 2013 osagonja ngakhale masewero amodzi, kenako mu 2017 n'kudzayimbira ndime yomaliza ya World Cup ya amayi. Aimee Barrett-Theron wa ku South Africa nayenso anayamba wavala jezi ya dziko lake asanagwire wenzulo. Koma musakane amene sanasewerepo. Amachedwa kumva mmene mpira ukuyendera, komabe nthawi zambiri alibe zizolowezi zoipa zoti muchotse.

Musamafune wolongolola kwambiri. Ine ndimayang'ana uja amene anzake akakangana pa maphunziro amati, "Tiyeni tiyambirenso," ndipo anzakewo amayambiradi. Komanso musatenge mmodzi. Tengani anayi kapena kupitirira apo. Mtsikana mmodzi pakati pa oyimbira aamuna okhaokha alibe womuuza zimene zamupweteka, ndiye amangosiya kubwera, inu n'kumati analibe chidwi.

2. Konzani za chitetezo asanafike

Apa sindichedwapo, koma musadumphe. Amene sanafike zaka 18, makolo kapena omulera avomereze molemba, ndipo adziwe masiku, malo ndi nthawi yoweruka. Pa maphunziro pazikhala akuluakulu awiri, mmodzi akhale mayi. Mauthenga azipita pagulu, osati mphunzitsi kulemberana ndi mtsikana mmodzi usiku. Dziwani mmene afikire kubwalo ndi mmene abwererere. Pakhale malo ovalira otsekeka. Woyimbira wosinthira zovala kuseri kwa galimoto waluza kale ulemu masewero asanayambe. Atsikanawo adziwenso dzina la munthu woti akamuuze dandaulo, ndipo munthuyo asakhale inu nokha, chifukwa dandaulolo likhoza kukhala la inu.

Kabudula akhale wa mtundu wakuda kapena woderako. Amene amaona ngati n'zazing'ono sanathamangepo mphindi 80 ali kumwezi, maso a anthu onse ali pa iye. Timu ya amayi ya Ireland inasiya kabudula woyera mu 2023 pa chifukwa chomwechi.

3. Malamulo: yambani ndi oteteza moyo

Malamulo a rugby amalembedwa ndi bungwe la World Rugby, ndipo alipo 21. Bukuli limapezeka laulere pa intaneti komanso pa foni. Bungweli lilinso ndi tsamba la maphunziro lotchedwa World Rugby Passport, pomwe pali mayeso a malamulo, maphunziro a Rugby Ready, ndi ena okhudza kuvulala kwa m'mutu. Aliyense alembetse ndipo amalize zimenezi. Satifiketi yoyamba ya uyimbiri, imene amati Level 1, imadzera ku bungwe loyendetsa rugby m'dziko lanu, choncho lankhulani nawo msanga kuti akupatseni tsiku ndi mphunzitsi wovomerezeka.

Chimene ndimaletsa ndi kuwakhazika pansi tsiku lonse n'kumawerenga lamulo 1 mpaka 21. Pofika masana onse ali m'tulo. Lamulo lililonse liphunzitsidwe pabwalo, mpira uli m'manja, atsikanawo akusinthana: atatu akhale osewera, mmodzi woyimbira. Ndondomeko yanga imakhala iyi.

Choyamba lamulo 9, la masewero oipa ndi oopsa: kugwira mnzako m'khosi kapena kumutu, kugwetsa munthu amene ali m'malere, kumunyamula n'kumugwetsa chamutu, kumugunda ndi phewa manja osakulunga. Funsaninso bungwe lanu za msinkhu wa tackle, ndiye kuti pomugwirira mnzako pomugwetsa, chifukwa kuyambira 2023 mayiko angapo anautsitsa m'masewero a m'makalabu ang'onoang'ono ndi a ana kuti uzikhala m'munsi mwa chifuwa.

Chachiwiri tackle ndi ruck, malamulo 14 ndi 15. Tackle ndi pamene wonyamula mpira wagwidwa n'kugwetsedwa pansi. Ruck ndi pamene mpira uli pansi ndipo wosewera mmodzi kapena angapo a timu iliyonse akukankhana pamwamba pake ataimirira. Apa ndi pamene pamachokera mapenate ambiri, ndipo woyamba kumene amasokonezeka chifukwa amafuna kuona zonse nthawi imodzi. M'phunzitseni kuyang'ana motsatana: wogwetsa wasiya mnzake n'kuchokapo? Wogwetsedwa wausiya mpira? Obwera adzera kumbuyo, kumbali ya timu yawo, ndipo aima ndi miyendo yawo? Akatha izi ndiye akweze maso aone mzere wa ofusayidi. Aloweze ndondomeko imeneyi ngati nyimbo.

Kenako ofusayidi, knock-on, komwe ndi kugwetsera mpira kutsogolo ndi dzanja, ndi kuponyera mpira kutsogolo. Scrum (osewera akutsogolo a matimu awiri kugwirana n'kukankhana kulimbirana mpira), lineout (kuponyera mpira pakati pa mizere iwiri ya osewera ukakhala unatuluka kunja) ndi maul (wonyamula mpira kugwidwa ali chiimire, osewera a mbali zonse n'kumakankhana) zibwere pambuyo. Manambala ochepa awa asawaiwale: pa scrum osalowamo amaima mamita 5 kumbuyo kwa phazi lomaliza, pa lineout mamita 10, ndipo pa penate olakwa amabwerera mamita 10. Try, komwe ndi kugunditsa mpira pansi pa mzere wa zigoli wa timu inayo kapena kuseri kwake, ndi mapointi 5, kumenya kotsatira try 2, penate 3, drop goal 3.

Advantage, lamulo 7, muphunzitse pomaliza. Ndi lamulo lolola woyimbira kusaimba msanga ngati timu yolakwiridwa ingapindule mpira ukapitirira. Ndi lokoma, koma limafuna diso lozolowera. Woyamba angodziwa kaye kuti pakakhala ngozi kapena wina wavulala kwambiri, palibe za advantage, wenzulo ilire pompo.

4. Wenzulo, dzanja, kenako mawu

Mukam'patsa wenzulo mtsikana amene sanaimbepo, imalira ngati ikupepesa. Tsiku loyamba ndimawaimika kumapeto kwa bwalo, ine n'kupita kumapeto enawo, ndipo aliyense amaimba mpaka ndimve popanda kutchera khutu. Amaseka, amachita manyazi, koma pakutha pa mphindi khumi manyaziwo amakhala atatha. Mpweya uchokere m'mimba, lilime lidule kulirako. Wenzulo ili ndi zilankhulo: yaifupi ya scrum, yamphamvu ndi yaitali ya penate, yoopsa kwambiri ya masewero oipa. Wosewera amene wapereka msana adziwe mlandu ndi khutu lokha.

Wenzulo ikalira, dzanja litsatire. Penate, mkono umakwera chopendekera kuloza kumbali ya timu yolakwiridwa. Free-kick, mkono umapindika pachigongono. Scrum, mkono umatambasuka mopingasa kuloza timu yoika mpira. Try, mkono umaloza kumwamba. Akatha chizindikiro chimenechi ndiye aonetse chachiwiri, chonena mlandu wake. Mawu abwere pomaliza, ndipo akhale ochepa: mtundu wa jezi, nambala, mlandu. "Ofiira 6, simunachokepo." Basi. Maina ayi, ngakhale wosewerayo akhale mnzake wa m'kalasi.

Mawu ena a pabwalo ndi amodzi kulikonse, ndipo ndi bwino kuwasiya momwemo kuti osewera asasokonezeke akapita kwina. Pa scrum ndi "Crouch", "Bind", "Set", kutanthauza weramani, gwiranani, lowanani. Akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira 2013. "Release" ndi siyani, "Roll away" ndi gubuduzikani muchokepo, "Use it" ndi kuuza timu kuti yatsala ndi masekondi 5 kuti iutulutse mpira mu ruck.

Chenjezo: atsikana ambiri amamaliza chiganizo mawu akukwera ngati funso, ndipo ena amaika "pepani" patsogolo pa chigamulo chilichonse. Musawauze kuti azilankhula ngati amuna kapena azikalipa. Angotsitsa mawu kumapeto, aime chilili, ayang'ane munthuyo kumaso. Ajambuleni pa foni adzimvere okha. Amasintha msanga kuposa mukamawauza.

5. Miyendo

Woyimbira amene ali kutali amaweruza mongoganiza, ndipo osewera amadziwa. Athamange. Njira yosavuta yoyezera ndi imene amati Bronco: kuthamanga mamita 20 n'kubwerera, 40 n'kubwerera, 60 n'kubwerera, kasanu osapuma, onse pamodzi mamita 1,200. Lembani nthawi ya aliyense mwezi ndi mwezi, ndipo azipikisana ndi nthawi yake yakale, osati ndi mnzake.

Za poima, zitatu zikukwana poyamba. Mpira ukamayenda, athamange molingana nawo kuti aone ngati waponyedwera kutsogolo. Pa tackle afike msanga, aupeze mpira ndi maso, kenako afutukeko pang'ono, chifuwa chitaloza otchinga, osaima panjira imene nambala 9, wosewera amene amatulutsa mpira mu ruck ndi mu scrum, aponyere mpira. Pafupi ndi mzere wa try ayesetse kufika msanga kuti aone mpira ukugunda pansi. Zina adzaphunzira akagundidwa ndi mpira kawiri katatu.

6. Kwerani makwerero, osalumpha

Ayambe ndi mbendera m'mbali mwa bwalo, pansi pa woyimbira wozolowera amene ali ndi mtima wophunzitsa. Kumeneko amaphunzira kuima kuseri kwa zigoli, kukweza mbendera mpira ukatuluka, ndi kumva phokoso la ochemerera lili kumsana kwake. Koma asakhalitseko. Ndaona atsikana akugwira mbendera zaka ziwiri, anyamata amene anayamba nawo limodzi ali kale pakati. Ikani malire: masewero atatu kapena anayi, kenako wenzulo.

Pakati ayambire rugby yosagwetsana ya ana, kenako masewero a pa maphunziro a timu, kenako sevens, ya osewera 7 mbali iliyonse ndi zigawo za mphindi 7. Sevens ndi yabwino chifukwa ikavuta imatha msanga, ndipo pa tsiku limodzi akhoza kuyimbira katatu, n'kumakonza cholakwa pomwepo. Ya osewera 15 ibwere pambuyo, kuyambira achinyamata. Aziwerenga malamulo apadera a osapitirira zaka 19: chigawo ndi mphindi 35, ndipo scrum siikankhidwa kupitirira mita imodzi ndi theka.

Pa scrum musachite mwamwayi, chifukwa pamenepo ndi pa khosi la munthu. Itanani kochi wodziwa za osewera akutsogolo adzawaonetse mmene mapewa ndi chiuno ziyenera kukhalira. Scrum ikagwa kapena wina akatukulidwa, wenzulo msangamsanga. Timu ikakhala ilibe osewera ophunzitsidwa mzere wakutsogolo, scrum imakhala yosakankhana, ndipo woyimbira asanyengereredwe pa zimenezi.

7. Tsiku limene wina adzamuderera

Mabuku ambiri amafika apa n'kungoti woyimbira akhale wolimba mtima. Kulimba mtima sikulamulidwa. Kumakonzedwa, ndipo kukonzako kuli mbali zinayi.

Mbali yoyamba ichitike sabata isanafike: yesezerani chipongwe. Inu khalani kochi wolusa, wina akhale kaputeni wokonda kutsutsa, ena akhale ochemerera. Nenani mawu enieni amene adzamve: "Refu, maso muli nawo?" "Kamtsikana aka kakudziwa chiyani za rugby?" "Bwererani kukhitchini!" Muuzeni kaye kuti muchita zimenezi ndi chifukwa chake, ndipo akafuna kuima muime. Cholinga n'chakuti mawu amenewa asadzawamve koyamba ali yekha pakati pa bwalo. Pomwepo aloweze makwerero ake. Wosewera akang'ung'udza koyamba, liwu limodzi mpira ukuyenda. Akabwereza, aimitse masewero aitane kaputeni: "A kaputeni, nambala 9 wanu akulankhula pa chigamulo chilichonse. Ndamuuza kamodzi. Mulankhuleni, akabwereza ndi penate." Apereke nthawi yoti kaputeni alankhuledi ndi anthu ake. Zikapitirira, penate. Wina akatsutsa penateyo, aipititse mamita 10 kutsogolo. Zikapitirirabe, khadi yachikasu, yomwe ndi mphindi 10 kunja mu ya 15, mphindi 2 mu sevens. Mphamvu zonsezi malamulo anam'patsa kale. Lamulo 6 limanena kuti pa nthawi ya masewero woyimbira ndiye yekha woweruza zimene zachitika ndi zimene lamulo likunena. Chimene amasowa ndi kuzolowera kuzigwiritsa ntchito motsatana. Wosazolowera amapirira, amapirira, kenako n'kuphulika ndi khadi yofiira pa nkhani yaing'ono. Ndipo chimene wachenjeza achite. Akanena kuti "mukabwereza ndi penate" n'kusapereka, masewero onsewo amuchoka m'manja.

Mbali yachiwiri ndi ola limodzi masewero asanayambe. Kugona pakati n'kuyambirira: afike msanga, ayendere bwalo, aone mizere ndi zotchinga pa mitengo ya zigoli. Iye mwini apite kwa makochi akadzidziwitse, ayang'ane mano a kunsi kwa nsapato, alankhule ndi osewera a mzere wakutsogolo za mmene aitanire scrum, achititse mayere a makaputeni. Inu muime kumbuyo kwake, pakamwa potseka. Kochi akadumpha mtsikanayo n'kufunsa inu, yankhani kuti, "Funsani a refu, ndi awa." Muzimutchula choncho pamaso pa anthu, a refu, ngakhale ali msinkhu wa mwana wanu. Inu mukamuitana "iwe" pagulu, mwapatsa aliyense chilolezo. Chimene mungachite panokha ndi kukumana ndi makochi onse awiri n'kuwauza mosabisa kuti woyimbira wa lero akuphunzira, adzalakwitsa monga osewera awo alakwitsira, ndipo wokhala ndi dandaulo abwere kwa inu masewero akatha.

Mbali yachitatu ndi yovuta kwa inu aphunzitsi: musalowe m'bwalo. Ine ndinalowapo, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Anali masewero a anyamata, woyimbira wanga ali pa ulendo wake wachiwiri pakati. Anapereka scrum pomwe panayenera penate, kochi wina anayamba kukuwa, anyamata atatu anamuzungulira. Ndinaona dzanja logwira wenzulo likunjenjemera, mtima unandipweteka, ndinalowa. Ndinabalalitsa anyamatawo, ndinakonza chigamulo, n'kutuluka ndikudziona ngati ndathandiza. Kuyambira pamenepo wenzulo ikalira, mitu yonse 30 inkatembenukira kwa ine kunja kwa mzere. Masewero atatha anabwera, anavula chingwe cha wenzulo padzanja n'kundipatsira. "Aphunzitsi, mukanangoitenga nthawi yomwe ija." Sanalire, sanakweze mawu. Zinanditengera mwezi wathunthu kuti avomere kuyimbiranso.

Chigamulo cholakwika chimene wapereka yekha chimamuphunzitsa. Cholondola chimene mwam'patsa inu pamaso pa anthu chimamuvula. Malo anu ndi kunja kwa mzere, ndipo ntchito yanu kumeneko ndi anthu akunja: pitani mukaime pafupi ndi kochi wokuwayo, mulankhuleni motsitsa mawu. Ndi woyimbira mulankhule pa nthawi yopuma, mfundo imodzi yokha, pambali. Gwirizanani chizindikiro chimene iye angapange akafuna thandizo, kuti kuitana kukhale kwake. Kulowa osaitanidwa n'kwa zinthu ziwiri basi: moyo wa wosewera uli pangozi, kapena wina akufuna kum'menya woyimbirayo.

Muuzeninso za msampha wobweza. Akazindikira kuti walakwira timu ina, mtima umafuna kuibwezera ndi penate yotsatira. Asatero, zolakwa zimakhala ziwiri. Kaputeni akafunsa mwaulemu, kuyankha kuti "Pamene ndinaima sindinaone" sikuchotsa ulemu. Chochotsa ulemu ndi kunama kuti waona.

Pali chipongwe china chimene si cha makwerero aja: mawu onena za thupi lake, zolaula, kumuopseza, kumukhudza. Chimenecho sichifuna chenjezo. Wosewera ndi khadi yofiira. Akakhala kochi kapena wochemerera, aimitse masewero mpaka oyang'anira bwalo amuchotse, ndipo akaona kuti pakhala poopsa ali ndi mphamvu yothetsa masewerowo. Tsiku lomwelo alembe lipoti, mawu enieni amene ananenedwa, nthawi, ndi amene anamva. Inu mulitengere kwa oyendetsa mpikisano, mulilondole, ndipo mudzamuuze mmene zathera. Musayerekeze kunena kuti "zimachitika, ingolimba." Atsikana enawo akuyang'ana mmene muchitire ndi nkhani ya mnzawo, ndipo lipoti likangofera mu kabati mudzataya gulu lonse, osati mmodzi.

Mbali yachinayi ndi imene ndimayezera ngati mtsikana wafikapo: kuvulala kwa m'mutu. Wosewera wagundidwa, wadzuka akudzandira, kapena maso ali mbuu, kapena sakudziwa kuti zigoli zili bwanji, kapena akusanza. Mfundo ya World Rugby ndi yoti ukazindikira, m'chotse. M'masewero wamba mulibe zoyeza kwa mphindi zingapo n'kubwerera zimene timaona pa TV. Amene akuganiziridwa kuti wavulala m'mutu watuluka, ndipo tsiku limenelo sabwereranso. Vuto n'lakuti amakhala wosewera wodalirika, kwatsala mphindi 5, kochi wa zaka 50 akuti, "Ali bwino uyu, ndimamudziwa," mwini wakenso akuti ali bwino. Lamulo 3 limalola woyimbira kutulutsa wosewera amene akuona kuti sayenera kupitiriza, dokotala alipo kapena palibe. Aloweze chiganizo chimodzi: "Bambo, ndaona zizindikiro, sapitiriza. Lowetsani wina." Asatsutsane, angobwereza chomwecho, ndipo asayambitse masewero mpaka wosewerayo atatuluka. Akaganizira kuti ndi khosi, munthuyo asasunthidwe mpaka odziwa za chithandizo afike. Yesezerani chochitika chimenechi kambirimbiri, inu mukhale kochi wokakamirayo. Mtsikana amene wakanapo munthu wamkulu mwaulemu chifukwa cha mutu wa mwana wa eni, simudzafunikanso kumufotokozera tanthauzo la utsogoleri.

8. Masewero akatha

M'patseni mphindi khumi amwe madzi, mtima ukhale pansi. Kenako khalani pambali, ndipo ayambe ndi iye: chayenda bwino n'chiyani, chimene angasinthe n'chiyani. Ambiri amayamba ndi kudzinyoza, ndiye muumirire kuti atchule kaye ziwiri zabwino. Inu mwalemba zolakwa 15, ndikudziwa. Nenani ziwiri, zimene zikakonzeka zikonzanso zina. Nthawi zambiri mlandu umakhala poima, osati lamulo, choncho funso loti "unaima pati?" limathandiza kuposa "unaimbiranji?" Akhale ndi kabuku kolembamo masewero aliwonse ndi chinthu chimodzi choti akayese ulendo wotsatira. Ngati pali kanema wa pa foni, aonere limodzi ndi anzake, koma ayambe ndi wa inu aphunzitsi mukulakwitsa.

Masewero akakhala kuti anavuta, muimbireni foni pakapita masiku awiri, kudzera kwa makolo ngati ali wamng'ono, ndipo m'patseni masewero ena opepuka sabata yomweyo kapena yotsatira. Akakhala milungu itatu osagwira wenzulo, mantha amamera mizu.

9. Yambani kusiya ntchito zanu m'manja mwawo

Pakatha miyezi ingapo, ntchito zimene mumagwira inu ziyambe kupita kwa iwo. Wina azigawa oyimbira pa mpikisano wa ana. Wina atsogolere phunziro la lamulo limodzi pa msonkhano wa oyimbira onse, amuna ali pomwepo. Wina akafotokozere timu ya kusukulu malamulo atsopano, chifukwa amasintha pafupipafupi. Gulu lachiwiri likamayamba, a gulu loyamba akhale alangizi awo oima kunja kwa mzere. Mu komiti ya oyimbira mukhale mpando wa mmodzi wa iwo, wokhala ndi voti, osati wongolemba mfundo za msonkhano. Adzachita zina mosiyana ndi mmene mukanachitira, ndipo lamulo lija la sitepe 7, loti musalowerere, ligwiranso ntchito pano.

Auzeni kumene njirayi imafika, ndi maina enieni. Alhambra Nievas wa ku Spain anayimbira ndime yomaliza ya sevens ya amayi pa Olympics ya ku Rio mu 2016, ndipo mu 2017 anayimbira masewero a amuna a Finland ndi Norway. Sara Cox wa ku England anayimbira mu ligi yaikulu ya amuna ya Premiership mu 2021. Mu 2023 Joy Neville anakhala mayi woyamba kukhala m'gulu la oyimbira pa World Cup ya amuna ku France, ngati woweruza wa pa kanema. Hollie Davidson wa ku Scotland wayimbira ndime yomaliza ya World Cup ya amayi kawiri, ku Auckland mu 2022 ndi ku Twickenham mu 2025, ndipo pa mpikisano wa 2025 womwewo Precious Pazani wa ku Zimbabwe anali m'gulu la oyimbira.

Chenjezo lomaliza likukhudza uja waluso kwambiri. Mudzafuna kumuonetsa kwa anthu, ndipo oyendetsa mipikisano adzamufuna pa ndime yomaliza chifukwa zimaoneka bwino pa chithunzi. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, zoona, koma musam'ponye m'dziwe lakuya chifukwa cha chithunzi. Akagwa pa masewero aakulu asanakonzeke, anthu sanena kuti wakuti walakwitsa, amati akazi sangathe, ndipo katundu ameneyo amagwera atsikana onse a gulu lanu. Ine ndimadikira mpaka nditamuona atapereka khadi yachikasu mtima uli m'malo, atatulutsa wovulala m'mutu kochi akukana, ndiponso atabwera yekha kudzandiuza cholakwa chimene ine sindinachione. Zitatuzi zikakwana, ndimatumiza dzina lake ku bungwe ndi kupempha tsiku la Level 2.